Galimoto yaliwiro tsiku ndi tsiku: tiwerengere mafuta moona

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani yomwe yafala pakati pa achinyamata athu ogwira ntchito kuno ku Johannesburg, yogula galimoto zaliwiro zogwiritsidwa kale ntchito n'kumaziyendetsa tsiku lililonse ngati galimoto yokhayo yapakhomo. Ine ndine makaniko, ndipo galimoto zotere ndimazikonda. Sindikulemba kuti ndiletse munthu kugula chimene mtima wake wakhumba atakhetsera thukuta. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amagula atakhulupirira nambala ya kamwedwe ka mafuta yolembedwa m'kabuku ka galimoto, osadziwa kuti nambalayo imapezeka poyesa galimotoyo mosamala pamalo oyeserera, osati pa msewu wa M1 wa mumzinda uno nthawi ya m'mawa.

Galimoto yaliwiro ikakhala pa msewu waukulu wopanda chotchinga, pa giya yomaliza, pa liwiro lokhazikika la makilomita 110 kapena 120 pa ola, simamwa mafuta modetsa nkhawa. Toyota 86 kapena Mazda MX-5, zomwe ndi zopepuka ndipo injini zake sizipitirira malita 2, zimayenda bwino ndithu pamenepo. Koma ulendo wopita ku ntchito si wotero. Munthu wochokera ku Rosettenville kapena Turffontein kupita ku Sandton amathera nthawi yambiri pa giya yoyamba ndi yachiwiri, kuima ndi kunyamuka, ndipo magetsi akathima maloboti n'kufa, mzere wa galimoto umafika kutali. Injini imayaka, mafuta akupsa, galimoto ili chiimire. Apa ndiye pamene injini yaikulu imalanga mwini wake, ndipo yemwe wagula Ford Mustang ya malita 5 amadziwa msanga kuti masilinda 8 onse amafuna kudya ngakhale akuyenda pa liwiro la njinga yakapalasa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi mwachitsanzo. Ngati munthu amayenda makilomita 1,200 pa mwezi, galimoto yomwa malita 7 pa makilomita 100 idzafuna malita 84, pamene yomwa malita 12 idzafuna 144. Kusiyana kwake ndi malita 60 mwezi uliwonse. Petulo kuno anadutsa R20 pa lita kumapeto kwa 2021, ndipo mu July 2022 anafika pa R26.74, mtengowu boma limausintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, komanso ife a kumtunda timalipira zambiri kuposa a ku Durban chifukwa mafuta amachita kutumizidwa kuchokera kugombe. Choncho pa mtengo woposa R20 pa lita, malita 60 aja ndi ndalama zoposa R1,200, zomwe kwa ambiri a ife ndi zija timatumiza kumudzi za fizi kapena feteleza.

Pali china chomwe obwera kumene sachidziwa. Mzinda uno uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka, kotero injini yopanda turbo (chipangizo chopopera mpweya wochuluka mu injini) imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu zake. Mnyamata akaona kuti galimoto yake sikunyamuka monga ankayembekezera, amaponda moto kwambiri pa loboti iliyonse, ndipo phazi lakelo ndi limene limatha thanki. Za turbo, monga Golf GTI, sizivutika kwenikweni ndi kutalika kumeneku, koma turbo ikangoyamba kupopa mpweya, mafuta nawo amalowa ochuluka. Komanso ngakhale kuno kumagulitsidwa petulo wa 93 wotsikirako mtengo, injini zambiri zotere zimafuna wa 95, ndipo ndikupempha kuti pasakhale wochita chinyengo pamenepa pofuna kupulumutsa masenti.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'miyezi ya June ndi July m'mawa kumagwa chisanu choti galasi lakutsogolo limachita kuyera, ndipo injini yozizira imamwa mafuta ambiri mpaka itatentha. Amene ulendo wake ndi waufupi amafika ku ntchito injini isanatenthe n'komwe. Kuisiya ikulira pabwalo kwa mphindi zambiri sikuthandiza. Ndi bwino kunyamuka pang'onopang'ono, ndi kumayesa mpweya wa m'matayala kawirikawiri, pakuti kukazizira umatsika ndipo tayala lofewa limawonjezera kamwedwe.

Koma nthawi yomwe imandiopsa ine ndi ya mvula zoyamba, cha mu October. Miyezi yonse yopanda mvula fumbi ndi oyilo zimaunjikana pa phula, ndipo madontho oyamba akagwa msewu umaterera ngati therere. Galimoto zambiri zaliwiro zimakankha ndi matayala akumbuyo, ndiye woyendetsa akaponda moto pokhota, mbuyo imathawa asanadziwe chimene chachitika. Kenaka pamabwera matalala a masana. Amene analipo pa 28 November 2013 akukumbukira momwe anaswera magalasi ndi kubonyola galimoto zosawerengeka m'chigawo cha Gauteng, ndipo mpaka lero kumwamba kukangoda mumaona anthu akuthamangira pansi pa milatho kapena kufunditsa galimoto mabulangete. Wokhala m'chipinda cha lendi chopanda galaja aganizirepo bwino zimenezi, ndipo afunse mtengo wa inshulansi asanasaine pepala lililonse, chifukwa kwa mnyamata woyendetsa galimoto yotere umakhala wokwera.

Mvula ikatha imasiya maenje. Matayala a galimoto zimenezi ndi opyapyala m'mbali, alibe mnofu wokwanira wolandira nkhonya ya dzenje. Ku galaja timaona kawirikawiri tayala latsopano, mapanga ake akadali akuya, koma pambali patatuluka chotupa, ndipo ukalivula umapeza limu, chitsulo chomwe tayala limavalapo, nayo yang'aluka mkati. Tayala lotero silimatika, ndi lotaya basi.

Ena amati adzapita nayo kumudzi pa Khirisimasi. Ulendo wodzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete kukalowa pa Mwanza ndi wa makilomita pafupifupi 1,700, ndipo galimoto yotsika chonchi, yokhala ndi buti losakwana masutikesi awiri, siyenera msewu wafumbi wopita kwa agogo. Tikudziwanso tonse mizere yomwe abale athu akhala akugonapo pa malo omwetsera mafuta ku Lilongwe ndi Blantyre m'zaka zapitazi. Wofunadi kumva liwiro la galimoto yake ali ndi mwayi kuno, pakuti mabwalo a mpikisano monga Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, amakhala ndi masiku olola anthu wamba kuthamanga mwalamulo.

Pempho langa kwa aliyense wofuna kugula n'lakuti asafunse wogulitsa za mafuta, koma afunse munthu amene amayendetsa mtundu womwewo pa msewu wofanana ndi wake. Amene wagula kale adzaze thanki, alembe makilomita, ayende sabata yonse monga mwa masiku onse, adzazenso, kenaka awerengere malita amene alowa pa makilomita 100. Achite zimenezi kamodzi m'nyengo yachisanu ndi kamodzi m'nyengo yamvula, kuti aone ngati malipiro ake angaisunge galimotoyo chaka chonse.

Ine wowerenga wanu,
Makaniko wa ku Johannesburg