Kalata ya matumba atatu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Johannesburg. Kuno ku Dedza tili bwino, kupatula chisanu chomwe mukuchidziwa kale.

M'kalata yanu munadandaula kuti mwana wanu wachisamba amachulukitsa ndi kugawa manambala mwachangu, koma akapatsidwa funso lofuna kuganiza amangoluma pensulo. Ndaganiza zokulemberani funso lomwe ndinapereka kwa ophunzira anga a Sitandade 7 sabata yatha kuti mumuyese nalo, chifukwa landionetsa pomwe ana ambiri amapunthwa.

Wogulitsa mbewu ali ndi matumba atatu omanga kukamwa. Lina muli chimanga chokhachokha, lina nyemba zokhazokha, ndipo lachitatu muli chimanga chosakaniza ndi nyemba. Mnyamata wake analemba pa matumbawo kuti "Chimanga", "Nyemba" ndi "Zosakaniza", koma analakwitsa onse atatu, moti palibe thumba lomwe lili ndi dzina loona. Mwaloledwa kutola njere imodzi yokha m'thumba limodzi, osasuzumira. Kodi mutole m'thumba liti kuti mudziwe zomwe zili m'matumba onse?

Ndinayamba ndi kunena kuti "Ndagi!", ana n'kuyankha kuti "Gize!", ndipo ndinaika patebulo zitini zitatu zovundikira ndi nsalu m'malo mwa matumba. Mnyamata wina wakumbuyo anati iye angopapasa thumbalo kunja, poti nyemba ndi chimanga sizimveka chimodzimodzi m'manja. Ndinamuyamikira chifukwa pamsika akanachita bwino, koma ndinamuuza kuti lamulo la funsoli ndi njere imodzi basi.

Ambiri anathamangira chitini cholembedwa "Chimanga". Njira imeneyi imadalira mwayi, chifukwa m'menemo mungakhale nyemba zokhazokha kapena zosakaniza, ndipo mukatola nyemba simungadziwe kuti yachokera mwa ziti. Pafupifupi onse anapewa cholembedwa "Zosakaniza", ponena kuti njere imodzi yochokera m'zosakaniza siingauze munthu kanthu. Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti anamva funso lonse kupatula mawu akuti "onse atatu", pomwe yankho lagona m'mawu amenewo.

Popeza mayina onse ndi olakwika, thumba lolembedwa "Zosakaniza" ndilo lokhalo lomwe tikudziwiratu kuti mulibe zosakaniza, kutanthauza kuti muli mbewu yamtundu umodzi, ndipo njere imodzi ikwanira kutiuza mtunduwo. Tiyerekeze kuti mwatola chimanga. Thumba limenelo ndi la chimanga. Lolembedwa "Nyemba" silingakhale la nyemba chifukwa dzinalo ndi labodza, komanso silingakhale la chimanga chifukwa chimanga tachipeza kale, choncho ndi la zosakaniza. Lotsalalo, lolembedwa "Chimanga", ndi la nyemba. Mukatola nyemba kaganizidwe kake n'komweko, kungoti mayankho amasinthana.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri chinachitika pambuyo pake. Mtsikana wina yemwe sayankhulayankhula m'kalasi sanakhutire, ndipo anapempha choko n'kulemba pa bolodi njira zonse zomwe mayina atatu angaikidwire pa matumba atatu. Anapeza njira 6. Kenaka anafufuta njira iliyonse yomwe munali dzina loona ngakhale limodzi, n'kutsala ndi 2 zokha. Iye anati njere yomwe tikutolayo ntchito yake ndi kusankha pakati pa ziwirizo. Ine sindinawaphunzitse zimenezo, ndipo kunena zoona kufotokoza kwake kunaposa kwanga, chifukwa kunaonetsa poyera kuti palibe yankho lachitatu lomwe labisala penapake.

Ndikudziwa kuti makolo ambiri angaone ngati tikutaya nthawi pomwe mayeso a Sitandade 8 a MANEB ali pafupi, koma mwana yemwe amadumpha mawu amodzi m'funso la matumba amadumphanso mawu otere m'funso lamasamu la pamayeso.

Pempho langa ndi lakuti musafulumire kumuuza yankho, monga munkachitira ndi ine tikuwerenga limodzi kale lija. Mupezereni makapu atatu, muike mpunga ndi nyemba ngati chimanga chikusowa kumeneko, ndipo akakakamira mumupemphe kuti awerengenso funsolo mokweza. Mundilembere kapu yomwe asankhe poyamba komanso chifukwa chomwe apereke.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa ku Dedza.