Tisamangopala utoto wa mawotchi akale

A Mkonzi,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Johannesburg. Ndili ndi wotchi ya malemu agogo anga, anaigula nthawi imene ankagwira ntchito m'migodi. Timadontho ta pa manambala ndi mivi yake tinkawala mumdima, pano tinazima, tinasanduka tofiirira ngati tiyi wamkaka. Magetsi akathima usiku sindiona nthawi, ndiye ndinapita nayo kwa wokonza mawotchi ku Mayfair, iye akuti tingopala tipake utoto watsopano basi.

Ine ndinakana ndipo ndikufuna anzanga amve chifukwa chake. Mawotchi ambiri opangidwa zisanafike zaka za m'ma 1960 ankapakidwa radium, mankhwala otulutsa cheza choopsa m'thupi amene ankawalitsa utotowo, ndipo ngakhale kuwala kutha radium amakhalabe momwemo, pamatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Ukamapala kafumbi kake kamauluka, ukakapuma kamakhazikika m'mafupa. Atsikana a ku America amene ankanyambita burashi popenta manambala a mawotchi ndi radium m'ma 1920 anadwala nsagwada ndipo ena anafa nazo zimenezi. Tsono munthu azipala pa tebulo lomwe akudyerapo nsima?

Wotchi ikalembedwa T SWISS T ndiye kuti inapakidwa tritium, mankhwala enanso otulutsa cheza, imeneyo mphamvu imatsika theka pa zaka 12 zokha, koma nayonso osatsegula mwachisawawa. Amene akufunadi kupakitsa Super-LumiNova, utoto wamakono wowala wopanda cheza choopsa, apite kwa katswiri woyeza kaye chezacho ndi makina, adziwenso kuti ogula mawotchi akale amatsitsa mtengo akaona yopakidwanso.

Yanga ndaisiya momwe agogo anaisiyira, galasi lili lotseka, nthawi ya usiku ndimaona pa foni.

Wowerenga wanu,
Johannesburg