Harare mumuone kaye konse musanamuweruze

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhe kalata yomwe munasindikiza masabata apitawa, yolembedwa ndi bambo wina wa ku Lilongwe amene anabwera kuno ku Harare ku msonkhano wa masiku anayi, n'kubwerera kwawo akunena kuti mzinda uno unafa kalekale, kuti anthu ake ndi ouma nkhope, komanso kuti Mmalawi aliyense amene akadali kuno angomanga katundu azipita kwawo. Kalatayo inatipeza pa foni tili pasiwa ku Mufakose, tikugona maliro a mkulu wina wochokera ku Ntcheu amene anafika kuno ali mnyamata. Mmodzi wa ife anaiwerenga mokweza pamoto. Ena anaseka, ena anapsa mtima, ndipo ine ndinalonjeza kuti ndilemba.

Ndinabadwira mumzinda muno mu 1961. Bambo anga anachokera ku Dedza pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 ndi kutha mu 1963, pamene Salisbury, yemwe ndi Harare wa lero, anali likulu la mayiko atatu ndipo mnyamata aliyense wofuna njinga kapena suti ankayang'ana "ku Halale". Kumudzi ndapitako kangapo kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndakhalapo ku Blantyre ndi ku Lilongwe kwa abale, ndipo ndinagwirako ntchito zaka ziwiri ku Johannesburg. Zimene ndinene pano ndazionera pafupi.

Pa nkhani ya madzi bamboyo sananame, ndipo sindiyesa n'komwe kuwatsutsa. Harare amamwa madzi a m'nyanja ya Chivero, damu lomwe linamangidwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952, mzindawu uli ndi anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi lero. Vuto lake ndi lakuti damulo lili kumunsi kwa mzinda, kotero kuti zonyansa zimene zatayika m'mapaipi ophulika, pamodzi ndi zotuluka m'mafakitale, zimatsetserekera komweko kumene timatunga. Kuyeretsa madzi oterowo kumafuna mankhwala ambiri ogula ndi ndalama zakunja, ndipo ngakhale atayeretsedwa, ena amathera m'nthaka chifukwa mapaipi ndi akale. Zotsatira zake tinaziona mu 2008 ndi 2009, pamene kolera anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, madera ngati Budiriro ndi Glen View n'kukhala pakati penipeni pa mliriwo, ndipo mu 2018 matendawo anabwereranso m'madera omwewo. Kwathu kuno mpopi ukhoza kukhala wouma sabata yathunthu, amayi ndi ana n'kumadzuka kusanache kukandanda kumjigo ndi zigubu. A ku Borrowdale amakumbitsa mijigo yawoyawo kuseri kwa mipanda, kapena amagula madzi a m'mathanki obwera pa galimoto. Mabungwe akunja amene amasanja mizinda ya padziko lapansi akamaika Harare pafupi ndi kumchira, ife sitidabwa, chifukwa timadziwa kulemera kwa ndowa.

Za ndalama sindichulutsa mawu. Munthu amene anagwirapo pepala lolembedwa madola 100 thiriliyoni koma osagula nalo ngakhale buledi wa sabata, amene anaona penshoni yake ikusungunuka, ndipo lero akuwerengera kwinaku dola ya America kwinaku ZiG, ndalama ya Zimbabwe yomwe inabwera mu 2024, safunika kuuzidwa ndi mlendo kuti zinthu zinavuta.

Pamene ndikusiyana nawo bamboyo ndi pa zoti anthu a Harare alibe nsangala. Malinga ndi kalata yawo, iwo anagona mu hotelo ya pakati pa tauni, ndipo madzulo ankayenda mumsewu wa Samora Machel n'kumaona anthu akudutsana osapatsana moni. N'zoona, nthawi ya 5 koloko madzulo palibe amene angakuyang'aneni pamenepo, chifukwa aliyense akuthamangira ku Copacabana kapena ku Market Square kukalimbirana malo mu kombi isanakwere mtengo, ndipo akapanda kuipeza akwera timagalimoto tija timati mushikashika, momwe anthu asanu ndi awiri amapanikizana pamalo a anayi. Koma funso n'lakuti, kodi anthuwo akuthamangira kuti? Mzinda uno atsamunda anaukhazikitsa mu 1890 ndipo anaukonza mwadala kuti pakati pake ndi kumpoto kwake kukhale kwa azungu, pamene munthu wakuda ankangobwera kudzagwira ntchito dzuwa likamalowa n'kubwerera ku lokesheni. Mbare, yemwe kale ndiye ankatchedwa Harare mzinda wonse usanatenge dzinali mu 1982, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, onsewa anamangidwa patali kuti wantchito asagone pafupi ndi bwana. Mamangidwe amenewo sanasinthe. Mpaka lero pakati pa tauni ndi poti anthu amangodutsapo, ndipo umoyo weniweni wa mzindawu uli kumene ma kombi aja amakatsitsa anthu. Bamboyo anaimirira pakhomo la msika nthawi yoweruka n'kumadandaula kuti palibe amene wawapatsa mpando.

Akanafika kulokesheni akanaona kuti Mshona sadutsa mkulu osawomba m'manja, ndipo moni wake wa m'mawa amafanana zedi ndi wathu, chifukwa ukamufunsa mmene wagonera amayankha kuti wagona bwino ngati nawenso wagona bwino. Akanaonanso kuti funso lachiwiri limakhala la mfunda, umene iwo amati mutupo. Ine ndine Mbewe, ndipo ndikatchula zimenezi pali anthu a mtundu wa Mbeva amene nthawi yomweyo amanditcha mbale wawo, monganso a Moyo ndi a Tembo a ku Malawi amapezera abale kuno popanda kuvutika. Chibale chimenechi sichithera pakamwa. Munthu amene wakutcha malume amabweradi ndi nkhuni tsiku la zovuta.

Sindikufuna kupaka mafuta chilonda. Ife ana a matchona tinakula tikutchedwa mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale kwanu kutakhala ku Karonga, ndipo panali mayina ena oipa kuposa limeneli amene sindingawalembe m'nyuzipepala. Ambiri mwa ife tinayenda zaka ndi zitupa zosonyeza kuti ndife obwera m'dziko limene tinabadwiramo, ndipo malamulo a unzika atakhwimitsidwa mu 2001 anthu ochuluka anapezeka kuti sangavote. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anavomereza kuti wobadwira kuno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC ndi nzika. Chowawa koposa chinali ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina mu 2005, pamene tinyumba ta kuseri ndi timisika tinagwetsedwa, ndipo lipoti la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Mshona anali ndi kumudzi kopita, koma mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Mangochi zaka makumi asanu zapitazo akanalowera kuti? Zimenezi zinachitika mu Harare yemweyu, ndipo sindinaziiwale.

Komabe ndikayerekeza ndi Johannesburg, kumene achinyamata athu a ku Malawi akukhamukira masiku ano ngati mmene makolo athu ankakhamukira kuno, mtima wanga sugwedezeka. Joni ali ndi ndalama, misewu yake ndi yotakata, madzi amatuluka m'mipopi masiku ambiri, koma ndinakhalako ndikuchepetsa mawu mu takisi kuti kalankhulidwe kanga kasandiulule. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa ku South Africa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo mu 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Kuno, pa zaka zanga zonse, ndanyozedwapo ndi pakamwa koma sindinaonepo khamu likuthamangitsa munthu chifukwa walankhula Chichewa. Gule wamkulu amatuluka masana dzuwa likuswa mtengo ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Dzivarasekwa, ana a Chishona n'kumathawa akuseka monga amachitira ana a ku Kasungu. Mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yake ya Harare, Ayao ali ndi mizikiti yawo, ndipo nyimbo za sungura zimene dziko lonse limavina zadzaza ndi mawu a Chichewa chifukwa ambiri mwa oimba ake anakulira m'mafamu ndi m'migodi momwe munali makolo athu. Mzinda umene walola chikhalidwe cha mlendo kulowa mpaka m'nyimbo zake sungatchedwe wouma mtima.

Tsopano za Lilongwe, popeza ndiko bamboyo akuti tibwerere. Lilongwe ndimamulemekeza, ndipo anthu ake amamasuka msanga kuposa a kuno, izi ndikuvomera. Ali ndi mwayi umene ife tilibe, woti mudzi uli pafupi, ndipo zinthu zikathina m'tauni thumba la chimanga limabwera kuchokera ku Dowa kapena ku Mchinji. Koma monga mzinda, Lilongwe amandisokoneza. Anakhala likulu mu 1975, ndipo amene anamujambula anamwaza madera ake ngati munthu wofesa mawere, kuno Area 3, uko Area 18, kutsogolo Area 49, pakati pake tchire ndi minda, manambala akewo osatsatana n'komwe. Munthu wopanda galimoto amatha tsiku lonse kuti achoke ku Old Town, akafike ku Capital Hill, n'kubwerera ku Area 25. Mu Harare ukatsika pakati pa tauni ukhoza kuyenda pansi kuchoka ku Kopje mpaka ku Africa Unity Square, kudutsa m'masitolo, m'mabanki ndi m'maofesi, n'kukapumula pa udzu ku Harare Gardens, zonsezi mkati mwa ola limodzi. Ndiponso kolera sasankha malire, pakuti mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo Lilongwe ndi Blantyre sanapulumuke. Magetsi amazima uko ngati kuno.

Blantyre ndiye amandikumbutsa kwathu. Ndirande ndi Mbare akanakhala anthu bwenzi ali pachibale, ndipo mapiri a Soche, Michiru ndi Ndirande amaupatsa mzindawo nkhope imene Harare, wokhala pachidikha chathyathyathya, alibe. Ngati pali mzinda umene ungatichititse manyazi pa ulemu, ndi Bulawayo. Misewu yake anaipanga yotakata kuti ngolo yokokedwa ndi ng'ombe zambiri izitha kutembenuka, anthu ake sathamanga, ndipo woyendetsa kombi wa kumeneko amakudikira kuti ukhale pansi asananyamuke. Koma madamu ake amaphwa kawirikawiri, mafakitale ake ambiri anatsekedwa, ndipo ana ake amathera ku Joni kapena kuno komwe.

Ndikanakonda bamboyo akanabwera mu Okutobala, mitengo ya jakaranda itachita maluwa, misewu ya ku Avenues itasanduka yofiirira kumwamba ndi pansi pomwe. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kotero kulibe kutentha kwa ku Tete kapena ku Nsanje, ndipo usiku umagona ndi bulangete ngakhale m'chilimwe. Akanalowa mu National Gallery, yomwe inatsegulidwa mu 1957, kukaona ziboliboli za miyala zimene zinatchukitsa dziko lino, kapena akanaimirira mkati mwa Eastgate, nyumba ya 1996 imene anaimanga potengera mmene chiswe chimaziziritsira chulu. Koma koposa zonsezi akanapita ku Mbare Musika nthawi ya 4 koloko m'bandakucha, malole a tomato ochokera ku Mutoko ndi a nthochi ochokera ku Honde akutsitsa katundu, anyamata a ngolo akukuwa kuti muwapatse njira, amayi atamanga ndalama m'chitenje akutsatsana mitengo. Akanapitirira ku Magaba, kumene amisiri amasandutsa chitsulo chotayidwa kukhala mbaula, zitseko ndi mawilibala, kapena ku Glen View kumene akalipentala amakhoma mipando ndi makama pabwalo. Mafakitale atagwa anthu sanakhale pansi kudikira, ndipo mzinda umene bamboyo akuti unafa ndi womwewu umene umadzuka tambala asanalire.

Ndibwerere ku maliro aja. Mkuluyo anamwalira wopanda khobidi m'thumba, ana ake awiri ali kunja. Bokosi linagulidwa ndi bungwe lathu la maliro, limodzi mwa mabungwe amene makolo athu anayambitsa atazindikira kuti mtchona akafa kulibe mfumu kapena adzukulu omuika, ndipo lero m'kaundula wake muli Ashona ndi Asena pafupifupi ochuluka ngati ife. Nsima, imene kuno amati sadza, anaphika ndi amayi a mumsewu wonse m'migolo iwiri, madzi ake atatunga ndi anyamata a nyumba zoyandikana amene sadziwa n'komwe kumene Ntcheu ili. Nyimbo zinaimbidwa m'zilankhulo ziwiri usiku wonse, ndipo m'mawa mwini lole wina wa ku Masvingo anatinyamula kupita kumanda osalandira ngakhale ya mafuta.

Choncho, a Mkonzi, muwauze bamboyo kuti katundu sitimanga. Akadzabweranso adzatumize uthenga kudzera kwa inu, tidzakawachingamira, adzagone kwathu ku Mufakose masiku awiri okha. Madzi osamba tidzawatungira, koma tsiku lachiwirilo adzadzuke nafe 4 koloko, anyamule chigubu chimodzi, kuti akadzalembanso adzakhale ataona mzere wa kumjigo ndi anthu amene amaimapo.

Ine wanu,
Mwana wa mtchona,
Mufakose, Harare