Malamulo a madambo alipo ambiri koma akukokerana

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya madambo, chifukwa chaka chilichonse pa 2 February timamva mauthenga pa wailesi kuti lero ndi tsiku lokumbukira madambo, akuluakulu avala matisheti adzala timitengo tiwiri basi amwazikana, koma palibe amene amakhala pansi kutiuza kuti kodi malamulo oteteza malo amenewa anachokera kuti ndipo nchifukwa chani sakugwira ntchito.

Tsiku limenelo linabwera chifukwa pa 2 February 1971 mayiko anakumana mu mzinda wa Ramsar ku Iran nkugwirizana za pangano losamalira madambo ndi malo ena a chinyontho. Ife a Malawi tinachedwa, pangano lija linayamba kugwira ntchito kuno mu 1997 ndipo malo oyamba amene tinalembetsa ndi nyanja ya Chilwa. Elephant Marsh ya ku Chikwawa ndi Nsanje inadikira mpaka 2017, zaka 20 zathunthu. Ndipo taonani nthawi yake, Chilwa inali itangouma kumene mu 1995, anthu akuyenda wapansi pamalo pamene pamadutsa mabwato, matemba ndi makumba zitasowa, nde zikuoneka ngati tinachita kudzidzimuka ndi tsoka kuti tisayine.

Koma nkhani yoletsa anthu kulima m'mbali mwa mitsinje siinayambe ndi Ramsar ayi. Agogo athu anaiona kale nthawi ya atsamunda, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 boma la Nyasaland linakhwimitsa malamulo aja anthu ankawatchula kuti malimidwe, kukakamiza mizere yopingasa ndi migula, kuletsa kulima m'mphepete mwa mitsinje, wolakwira amalipitsidwa chindapusa, ena kuzuliridwa mbewu, ena kundende kumene. Maganizo oteteza nthaka sanali oipa koma njira yake inali ya chikwapu, ndipo anthu amene anali atangopulumuka njala ya 1949, ambiri a iwo chifukwa cha timadimba tomweto, ungawauze bwanji kuti dimba ndi mlandu? Malimidwe anasanduka nkhani ya ndale, mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma kuphatikizapo a ulimiwo potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Titalandira ufulu panalibe wandale amene akanafuna kuoneka ngati akubwezeretsa malimidwe, ndipo ine ndimaona kuti mantha amenewo sanatichokebe mpaka lero.

Ndiye kunabwera lamulo la za malo la 1965 ndi la za madzi la 1969, koma awa mtima wake unali pa umwini wa malo ndi chilolezo chotunga madzi, dambo ngati dambo silinali nkhani. Zinthu zinasintha nthawi ya matipate. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anaika mu gawo 13 udindo wa boma wosamalira chilengedwe, mu 1996 kunabwera lamulo la zachilengedwe limodzi ndi ndondomeko yake, mu 1997 lamulo la za nkhalango komanso la za usodzi lomwe linatsegula khomo kuti asodzi eni ake azitenga nawo mbali, kudzera m'makomiti a m'madoko aja a BVC. Mu 2013 lamulo la madzi linalembedwa mwatsopano, mu 2016 malamulo a malo, mu 2017 lamulo latsopano la zachilengedwe lomwe linabala bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Papepala tili bwino zedi, olemba amalemba ndithu.

Vuto ndi loti dambo limodzi lomwelo lili ndi mabwana ambirimbiri. A zamadzi akuti madziwo ndi athu, a zausodzi akuti nsombazo ndi zathu, mbalame ndi za a nyama zakutchire, malowo mfumu ndi imene imagawa, mutauni khonsolo ndi a zamalo akupereka mapuloti, pomwe a zaulimi akubwera ndi uthenga wina woti limani kawiri katatu pachaka, ulimi wa mthirira ndiye wothetsa njala, mpaka tinagawiridwa ma treadle pump ndi mbewu za m'dimba, kenako kunabwera pulogalamu ya mthirira ya Greenbelt. Sindikunena kuti mthirira ndi woipa, ine ndemwe chimanga chachiwisi cha mu October ndimadya. Koma mlimi wa ku Phalombe kapena ku Machinga amve ziti, mlangizi wina akuti tsikira kudambo, wina akuti choka kudambo, onse atumidwa ndi boma limodzi?

Anzathu a ku Uganda anaona msanga zimenezi, mu 1995 anakhazikitsa ndondomeko yapadera ya madambo okhaokha. Ife tinatha zaka zoposa 20 chilowereni mu Ramsar tilibe yathu, madambo akungotchulidwa apa pang'ono apo pang'ono m'malamulo a ena.

Chimene chimandiwawa kwambiri a Mkonzi ndi kukondera. Mayi wolima tomato ndi mpiru pakamunda kosakwana theka la ekala ndi amene amanenedwa pamisonkhano kuti akuononga chilengedwe, koma pitani ku Lilongwe kapena ku Blantyre mukaone malo amene kale kunkalira achule, lero magalimoto a matipa athira dothi ndi miyala, pamwamba pake nyumba zosanja, mipanda ya njerwa, ena mpaka mafilingi siteshoni. Amenewo ali ndi mapepala odindidwa bwinobwino, nde funso nkumati anadinda ndani? Dambo limagwira madzi a mvula nkumawatulutsa pang'onopang'ono, ndi chifukwa chake zitsime ndi timitsinje sizimauma msanga chilimwe. Ukalikwirira madziwo sasowa kopita, amatsikira kwa osauka okhala kumunsi, ndipo a ku Mtandire amene mtsinje wa Lingadzi unawasefukira mu 2017 safunika kuwafotokozera zimenezi.

Ku Chilwa nako nyanja inaphweranso kwambiri mu 2018. Inde nyanja imene ija ndi yosaya ndipo mbiri yake ndi youma nkubwerera, inaumapo ngakhale mu 1968, koma mitsinje yoithira madzi monga Domasi, Likangala ndi Phalombe ikubwera ndi matope chifukwa kumtunda mitengo inatha ndipo talima mpaka m'madzi, njedza zomwe nsomba zimaswanamo zikutenthedwa. Chikwangwani cha Ramsar pachokha sichingaletse moto.

Pempho langa kwa aphungu athu ndi a MEPA ndi loti tisawonjezere lamulo lina lokaunjika mu kabati. Tiuzeni ofesi imodzi yomwe ili ndi mawu omaliza pa dambo, jambulani mapu a madambo boma lililonse aikidwe poyera kwa DC ndi kukhonsolo kuti wogula puloti asamanamizire kusadziwa, malamulowo amasuliridwe m'Chichewa, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitumbuka, ndipo mafumu ndi alimi a m'madimba akhale nawo pogwirizana kuti apa tilima, apa tisiyira ng'ombe, apa sitikhudza. Ndipo tsiku loyamba kugwetsa zomangidwa m'dambo, buludoza ikayambire ku nyumba yosanja osati pa dimba la tomato.

Wowerenga wanu,
Zomba