Mankhwala asamagulitsidwe ngati tomato

A Mkonzi,

Zogulitsa maantibayotiki m'magolosale ndi m'misika popanda kalata ya dokotala zitheretu basi, anthu tikudzipweteka tokha. Kuno ku Zomba, kaya ndi ku Chinamwali kaya ku Matawale, munthu akangomva kachimfine amathamangira amoxicillin kapena Bactrim, amagula awiri atatu malinga ndi ndalama yomwe ili m'thumba, akangomvako bwino wasiya pompo. Chonsecho chimfine chimabwera ndi vairasi, maantibayotiki sachiza olo pang'ono, ndiye kumwa mwachisawawa chonchi kumangopangitsa tizilombo kuzolowera mankhwala moti tsiku lodzadwala chibayo chenicheni mankhwala omwewo sadzagwiranso ntchito.

Amandimvetsa chisoni kwambiri ndi anyamata a kabaza. Mng'ono wanga amapalasa njinga, m'mawa uliwonse Brufen kapena diclofenac m'mimba mulibe kanthu, akuti popanda zimenezo thupi silimudzuka, pano akulira ndi zilonda za m'mimba ndipo mankhwala amenewa ukamamwa nthawi yaitali amawononganso impso. Wogulitsa sanamuuzepo, mwina iyenso sadziwa.

Anthu sindikuwada ayi, kuchipatala umakhala pamzere m'mawa wonse kenako nkukuuza kuti mankhwala atha ukagule. Boma liyambe kukonza pamenepo. A PMRA, omwe ntchito yawo ndi kuyang'anira mankhwala m'dziko muno, aziyendera misika ndi magolosale pafupipafupi, alande mankhwala osayenera kupezeka kumeneko ndi kulanga mafamase ogulitsa popanda kalata. Ma HSA, alangizi a zaumoyo aja, nawo azifika pamasiteji a kabaza, m'matchalitchi ndi m'mizikiti kukafotokoza kuopsa kwake.

Wokhudzidwa,
Zomba