Kalata kwa mwana wanga amene akukalankhula m'malo mwa anzake

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Uthenga wako unafika, ndipo bambo ako akhala akuuza aliyense wobwera pakhomo kuti anzako akusankha kuti ukawalankhulire pa mwambo wolandira madigiri. Zimene unalemba zija ndaziwerenga mofatsa, ndipo popeza unati ndisakunyengerere, sindikunyengerera. Nkhaniyo yalembedwa bwino, moti mphunzitsi akanakupatsa malikisi ambiri. Koma waikonzera maso, pamene anthu ako tsikulo adzabwera ndi makutu.

Munthu wowerenga akasokonezeka amabwerera pamwamba n'kuyambiranso. Womvera alibe mwayi umenewo. Chiganizo chikamudutsa ndiye kuti chapita, ndipo pamene akuyesa kuchigwira, iwe uli kale pa china. Ndime yako yoyamba ili ndi chiganizo chodzaza mizere inayi. Ndinayesa kuchinena mokweza, mpweya unandithera ndisanafike pakati. Chiduledule. Paliponse pamene lilime lako likupunthwa, khutu la womvera lidzapunthwanso pomwepo.

Kenako pali nkhani ya nthawi. Wati akupatsa mphindi 7. Munthu wolankhula Chingerezi pagulu mosathamanga amatulutsa mawu pakati pa 120 ndi 150 pa mphindi imodzi, choncho mphindi zakozo zikukwana mawu pafupifupi 900, ndipo ukachotsapo nthawi ya kuseka ndi kuwomba m'manja atsika ndithu. Iwe walemba opitirira 2,000. Ndikudziwa zimene zili m'mutu mwako: ukuti ungolankhula mofulumira. Usayerekeze. Anthu adzakhala atakhala kale nthawi yaitali pa mipando yolimba, atavala mikanjo yotentha, ndipo aliyense akudikira kumva dzina lake kapena la mwana wake.

Pa 19 Novembala 1863, ku Gettysburg m'dziko la America, kunali mwambo wopatula manda a asilikali amene anafa pa nkhondo yapachiweniweni. Mlendo wamkulu wolankhula anali Edward Everett, katswiri wotchuka wa nthawi imeneyo, ndipo analankhula pafupifupi maola awiri. Atakhala pansi, Pulezidenti Abraham Lincoln anaimirira n'kunena mawu pafupifupi 270 okha, mphindi ziwiri basi. Tsiku lotsatira Everett mwiniwake analembera Lincoln kuti akanakondwa akanakhala kuti m'maola ake awiri aja anafika pa mtima wa nkhani monga mmene Lincoln anachitira m'mphindi ziwiri. Lero ana asukulu amaloweza mawu a Lincoln. A Everett amawadziwa ndi akatswiri a mbiri yakale okha.

Ndiye funso langa ndi ili: munthu akatuluka m'holo muja, wina n'kumufunsa kuti mtsikana uja anati chiyani, ukufuna ayankhe kuti chiyani? Ngati sungathe kuliyankha m'chiganizo chimodzi, ndiye kuti sunakonzeke, ngakhale utalemba masamba angati. Mu zimene wanditumizira ndapezamo mitu yambirimbiri: kuthokoza, ulova, luso lamakono, kusintha kwa nyengo, maloto, mpaka za utsogoleri. Yonseyo ndi yabwino, koma ikupondana. Malala Yousafzai, mtsikana womenyera ufulu wa maphunziro, ataimirira ku likulu la United Nations ku New York pa 12 Julaye 2013, tsiku limene ankakwanitsa zaka 16, anali ndi zambiri zoti akanatha kunena, poti panali patangopita miyezi 9 chimuwombereni m'chigwa cha Swat ku Pakistan. Koma anagwira chinthu chimodzi, choti mwana aliyense apite kusukulu, ndipo zonse zimene ananena zinkabwerera pomwepo. Nayenso anali mwana wasukulu ngati iwe, wocheperapo msinkhu.

Ine ndikuona kuti mutu wako uli pa tsamba lachinayi, pamene wabisa nkhani ya mnzako uja amene anatsala pang'ono kusiya sukulu m'chaka chachiwiri, anzake n'kumasinthana kumulembera manotsi ndi kumuperekeza ku laibulale usiku mpaka anakhoza. Pamenepo m'pamene ndinasiya kuwerenga ngati woyesa mayeso n'kuyamba kumvetsera. Wafotokoza mpaka kope lake lokutidwa ndi pepala la kalendala yakale, lokhala ndi zolemba za manja osiyanasiyana. Chimenecho anthu adzachiona m'maso mwawo. Mawu akuti "tinagwirana manja pa mavuto" aliyense angawanene pa mwambo uliwonse, koma kope limenelo ndi la kalasi yanu yokha. Itulutse nkhaniyo, ibwere koyambirira, ndipo zina zonse ziyesedwe ndi iyo: chimene sichikuithandiza chichoke. Koma uyambe wapempha mwiniwake. Mavuto a munthu si ako oti uwayale pagulu, ndipo akakana kutchulidwa dzina, uinene popanda dzina. Akakaniratu, ufune ina.

Moni wa akuluakulu uupereke mwaulemu ndi mwachidule, mayina ndi maudindo awo utawafunsiratu kwa okonza mwambo, chifukwa kulakwitsa dzina la munthu pamaso pake kumawawa. Ukatero lowa m'nkhani. Chiganizo chija chakuti suli woyenera kuima pamenepo ndiponso kuti sudziwa kulankhula uchifufute. Anzako anakusankha akudziwa, ndipo ukayamba ndi kupepesa anthu amayamba kufunafuna cholakwika chimene wawalonjeza. Uchotsenso mawu a anthu otchuka amene watola pa intaneti. Ambiri mwa mawu oterowo amaikidwa m'kamwa mwa anthu amene sanawanenepo n'komwe, ndipo kutsogolo kwako kudzakhala mapulofesa.

Dandaulo lako la kuchepa kwa mabuku ndi malo ophunzirira usalitaye, poti woimira ophunzira amene amangoyamikira zokhazokha anzake amamuona ngati wagulidwa. Ulinene kamodzi, molunjika, ndi zinthu zimene ungaikire umboni, osanyoza munthu. Akuluakuluwo sadzakhala ndi mpata wokuyankha, ndiye usawachititse manyazi.

Tsopano za mantha amene wati akukusowetsa tulo. Adzabwera, usadzinamize. Thupi likaona maso ambirimbiri limatulutsa adrenaline, timadzi tokonzekeretsa munthu kuthawa kapena kulimbana, ngati kuti kwabwera chilombo: mtima umagunda mofulumira, m'kamwa mumauma, manja amanjenjemera, mawu amakwera. Si matenda, ndipo pakapita kanthawi utayamba kulankhula zimatsika. Udakali pampando, uzikoka mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa motalikirapo kuposa mmene unaukokera, chifukwa kutulutsa mpweya modekha kumachepetsa kugunda kwa mtima. Umwe madzi pang'ono. Mfundo zako uzilembe pa timakadi tolimba, zilembo zikuluzikulu, tili ndi manambala. Pepala lalitali lopyapyala limaulula kunjenjemera kwa dzanja mpaka kwa munthu wokhala kumbuyo.

Mankhwala enieni ndi kuyeserera mokweza. Kuwerenga chamumtima uli gone pabedi si kuyeserera ayi. Imirira, ikira foni patsogolo, udzijambule, uyang'ane nthawi, kenako udzimvetsere ngakhale zikuchititse manyazi. Udzadabwa kuchuluka kwa "eee" ndi "ndiye kuti" zimene sumadziwa kuti umanena. Demosthenes, amene Agiriki akale ankamutenga ngati mlankhuli woposa onse mu Athens, anayamba ali ndi mawu ofooka ndi lilime lolemera, ndipo Plutarch, wolemba mbiri wachigiriki, analemba kuti ankayeserera ataika timiyala m'kamwa, ankalakatula akukwera chitunda, n'kumadziyang'ana pa galasi lalikulu kunyumba kwake. Za timiyalazo uzisiye, mano amenewo tinavutika nawo kuwasamala. Koma galasi ndi chitunda zilipo.

Anthu amakonda kunena kuti olankhula bwino amangobadwa choncho, ndipo amapereka chitsanzo cha Martin Luther King, womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, amene pa 28 Ogasiti 1963 ku Washington, pamaso pa anthu pafupifupi 250,000, anasiya pepala lake n'kuyamba kunena za loto lake. Zoona anasiya pepala. Chimene amaiwala n'chakuti mawu a lotowo anali atawalankhula kale m'malo ena, kuphatikizapo ku Detroit mu Juni chaka chomwecho. Anali atakhazikika m'kamwa mwake, n'chifukwa chake anatuluka ngati akungobwera kumene. Iwe usaloweze nkhani yonse liwu ndi liwu, poti ukaiwala limodzi zonse zimakomoka. Loweza ziganizo zoyambira ndi zomalizira mpaka uzitha kuzinena utadzidzimutsidwa kutulo, ndipo zapakati uzidziwe ngati njira imene umayendamo tsiku ndi tsiku.

Ngati n'kotheka ukalowe m'holoyo tsiku la mwambo lisanafike, ukaime pamene udzaime, ukaone masitepe. Ukapemphe woyang'anira zokuzira mawu akuyesetse maikolofoni. Ikhale kutali ndi pakamwa ngati chikhatho chimodzi, usaimenye kapena kuipemerera, ndipo ukamatembenuza mutu uzikumbukira kuti iyo siitembenuka nawe. Nsapato uvale zimene unayendapo nazo kale.

Ukafika kutsogolo usayambe msanga. Ika timakadi tako bwinobwino, dzutsa mutu, yang'ana anthu, upume kamodzi. Kwa iwe kadzaoneka ngati kanthawi kosatha, koma kwa iwo udzaoneka wodekha, ndipo phokoso lidzazizira lokha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Usankhe nkhope zingapo, ina kumanzere, ina pakati, ina kumanja chakumbuyo, ndipo uzimaliza ganizo lathunthu ukuyang'ana munthu mmodzi usanasamukire kwa wina; maso ongoyendayenda m'denga amachititsa anthu kuyang'ananso kudenga. Akaseka, uwadikire amalize. Mutu ukaima, khala chete, yang'ana kakadi, pitiriza pamene wapeza. Palibe amene ali ndi pepala lako, choncho palibe adzadziwe kuti wadumpha ndime pokhapokha utawauza wekha. Ndipo ukanena kuti "pomaliza", umalizedi. Chiganizo chomaliza uchinene ukuyang'ana anthu, uthokoze, ukakhale pansi.

Dula nkhaniyo sabata ino, ifike pa mawu 850 kapena kucheperapo, ndipo Lamlungu madzulo undiimbire undilankhulire pa foni utaimirira, ine ndidzagwira wotchi. Bambo ako akuti nawonso adzamvetsera, koma ndawauza kuti asadzakudule mawu. Utiuzenso kuti makalata olowera akupatsa angati, chifukwa azakhali ako ayamba kale kufunsa.

Ndine mayi ako.