Lipoti la msonkhano wa mafizo a magetsi ochitira kunyumba

A Wapampando ndi anzanga nonse,

Zikomo pondituma. Ndinakhala nawo masiku onse awiri a msonkhano uja muno mu Lilongwe, ndipo nazi zomwe ndatolako.

Nkhani inali ya kamakina ka mabatire kodzutsa minofu ndi magetsi, kamene enafe timagwiritsa kale ntchito pa odwala sitiroko amene dzanja lidalefuka kapena phazi limakhukhuluzika pansi, komanso pa ntchafu munthu akachitidwa opaleshoni ya bondo. Chachilendo n'chakuti wodwala azipita nako kwawo, wa mafizo azimutsogolera pa foni ya vidiyo. Kwa agogo a ku Mitundu kapena ku Nsaru, amene kubwera ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central kumafuna ndalama ya minibasi ya anthu awiri, limeneli ndi thandizo lenileni.

Za katchunidwe ka kamakinaka sindichedwapo, mukuzidziwa: pakati pa 20 ndi 50 Hz (kutanthauza kuti magetsi azigunda ka 20 mpaka ka 50 pa sekondi), nthawi yopumitsa mnofu italikirepo kuposa yokoka, mphamvu ikwere pang'onopang'ono. Pomwe tinakhalitsa ndi pa funso ili: uli ku ofesi, wodwala ali pa mphasa kwawo, udziwa bwanji kuti magetsiwo sakumuzunza?

Tinayeserera awiriawiri. Anandimata mapadi (tizigamba tomata pakhungu todutsitsa magetsi) pamkono, mnzanga n'kupita chipinda china ndi foni. Padi imodzi inali itauma, m'mphepete itatukuka. Mphamvu sinasinthe, koma magetsi anaunjikana pa kamalo kakang'ono, nkumandibaya ngati singano. Mnzanga atafunsa kuti "Mukumva bwanji?", pakamwa panga panatuluka "Ndili bwino." Ngati ine wodziwa ntchitoyi ndinayankha choncho, nanga mayi amene analeredwa kuti a dokotala satsutsidwa? Onjezanipo chikhulupiriro chija chakuti mankhwala owawa ndiwo ochiza. Wodwala wathu amaluma mano n'kupirira, ndipo pa foni suona chala cha kuphazi chikupindika.

Otitsogolera anakumbutsa za muyeso wa ululu wa 0 mpaka 10 ndi nkhope za Wong-Baker, zithunzi za nkhope zoyambira pa yomwetulira mpaka yolira zomwe wodwala amaloza posonyeza kukula kwa ululu. N'zothandiza, makamaka nkhopezo kwa amene sitiroko inawalanda mawu, koma ine ndikuona kuti nambala payokha kuno siikwana. Tizifunsa ndi mawu ogwirika: kodi pakunyerenyetsa, pakukoka, pakubaya kapena pakuwotcha? Kunyerenyetsa ndi kukoka ndiye ntchito yake. Kubaya ndi kuwotcha, zimitsani kaye, muone mapadi. Padi yokulirapo, yonyowa bwino, yogwira khungu lonse, imachepetsa ululu chifukwa magetsi amamwazikana.

Gadiyani ndiye maso athu. Aziyika foni poti tione nkhope ndi chiwalo nthawi imodzi, ndipo mapadi akamatulidwa atiyandikizire khungulo pa kuwala kwa panja. Tinakumbutsana kuti pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga, pa kamera ndiye ayi. Choncho gadiyani akhudze ndi dzanja, atiuze ngati patentha, patupa kapena patuluka matuza. Amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi odwala shuga ndi ena a sitiroko amene khungu lidachita dzanzi: angathe kupsa osamva kanthu, ndipo akanena kuti ali pa 0 akunena zoona. Amenewa ine sindingawapatse kamakina kopita nako kunyumba tisanayeze ndi manja athu ngati khungu likumva.

Zoletsa n'zomwe zija: amene ali ndi pacemaker (kachipangizo koikidwa m'thupi kowongolera kugunda kwa mtima), pamimba pa mayi woyembekezera, kutsogolo kwa khosi, pa chilonda, pa chotupa cha khansa, ndi mwendo womwe tikukayikira kuti magazi aundana m'mitsempha.

Poyeserera paja netiweki inadula kawiri, chithunzi n'kuima, magetsi akupitirirabe pamkono panga. Tinagwirizana kuti batani lozimitsira lizikhala m'dzanja labwino la wodwala, ndipo auzidwe gadiyani akumva kuti foni ikaduka azimitse, sitimukalipira.

Ndikupempha gulu lathu kuti tsiku loyamba lizikhala la pamaso m'pamaso, gadiyani amate yekha mapadi ife tikuona, tijambule malo ake pa foni yawo. Mawu anayi ofunsira aja ndawalemba pa pepala limodzi. Ndibwera nalo tikamakumana Lachisanu, ndipo amene muli ndi odwala olankhula Chiyao kapena Chitumbuka mubwere ndi mawu ake kuti tiwonjezere.